Amake Taonga, mwana wayamba sukulu

Amake Taonga, lelo mwana wathu wayamba sukulu kuno ku Kabwata. Nditamusiya pa geti, ndinangokhala pansi m'mbali mwa msewu. Ndinakumbukila Sondo ija ku chipatala, azimai a ku chalichi atazungulila bedi yanu, akuimba za ulendo wa kumwamba. Munandikoka shati n'kundinong'oneza kuti, "Ba Tembo, bauzeni basinthe nyimbo. Kumwamba nizayenda, siniyopa, koma osati manje. Banipemphelele moyo, nifuna nikamupeleke ine Taonga ku sukulu." Tinapemphela mpaka mawu anasasa. Mwezi womwewo tinakuikani m'manda.

Abusa amati mwapumula, ndipo sindikutsutsa. Koma inu munaulilila moyo osaupeza, ine ndili nawo ndipo ukundilemela. Masiku ena ndimapempha Mulungu kuti anditenge ndikupezeni, kenako ndimachita mantha kuti mwina andimvela. Kodi nalo ndi tchimo? Ndatopa, mkazi wanga, ndatopa. Ngati muli pafupi ndi Yesu, mundilankhulileko. Ine ndikagwada sindidziwanso chomupempha.