Maluwa a Paphiri Louma la Agogo Jailosi

Ndikamva fungo la mwala wotenthedwa ndi dzuwa la Okutobala, ndimaona msana wa agogo Jailosi akukwera kaphiri kouma ka kuseri kwa komboni, ine ndikuwatsatira ndi chigubu cha madzi chondimenya m'miyendo. Tinkakhala pa famu ya thonje pakati pa Kadoma ndi Chegutu. Agogo anachoka ku Nyasalande ali mnyamata, nagwira ntchito m'migodi ya ku Chakari mpaka chifuwa chitawakana, kenako anakhala wosamalira maluwa pabwalo la mzungu wa famuyo.

Paphiripo panalibe mthunzi, koma miyala yokhayokha, udzu wopserera ndi abuluzi. M'ming'alu ya thanthwe la pamwamba munkamera zitsamba zochepa zofika m'chiuno, zamasamba otuwa ngati owazidwa phulusa. Chaka chonse zinkaoneka zakufa. Ndiye dzuwa likafika poswa mtengo, mvula isanagwe ngakhale dontho, zinkatulutsa maluwa ofiirira onga timabelu, onunkhira ngati uchi wopserera. Kumunsi kwake kunali manda a anthu a pa famu, ndipo agogo aakazi anagona pamenepo. Madzi a m'chigubu anali otsukira mtanda wawo.

"Zitsambazi usazithirire, Esinati," ankandiuza. "Ukazikomera mtima zimafa."

Tsiku lina kunabwera mayi wina wa ku Harare wofufuza za zomera. Agogo anavalira jekete la kutchalitchi, kutentha konseko, namukweza phiri. Mayiyo anagwada nthawi yaitali, kenako anati chitsambachi sanachionepo m'buku lililonse. Anadula nthambi ziwiri, naziika pakati pa manyuzipepala, nalonjeza kudzabweranso kudzatenga njere.

Asanabwerenso, famu inalandidwa kuti igawidwe. Mzungu anapita, ife tinapatsidwa masiku atatu oti tichoke. Ndikukumbukira agogo ataima pamaso pa bambo wina amene ankawerenga mayina a olandira malo, chipewa chili m'manja.

"Bambo, mkazi wanga ali paphiri apo. Ndimusiyira ndani?"

Bamboyo anayankha m'Chishona, osadzutsa mutu, kuti abwerere kwawo ku Malawi. Kumeneko agogo anali asanapondeko chichokereni, ndipo sankadziwa ngati kuli wowakumbukira.

Tinasamukira ku Rimuka, m'tauni ya Kadoma, m'chipinda chimodzi cha amalume amene ankagwira ntchito ku fakitale ya nsalu. Agogo anasiya mpando ndi wailesi, koma ananyamula kachitsamba kamodzi m'chitini cha penti chodzaza miyala ya paphiri. M'mawa uliwonse ankakaika padzuwa, nakhala pambali pake akutsokomola. Ine kankandimvetsa chisoni ndi kutuwa kwake, ndiye ndinakathirira mobisa kawiri. Pasanathe mwezi kanavunda mizu. Agogo anapisa chala m'dothi lonyowalo, anandiyang'ana pang'ono, napukuta chalacho pa thalauza.

M'chaka chimene m'masitolo munalibe ngakhale ufa wa sadza, nsima ya kuno, agogo anati tipite tikaone manda. Basi inatisiya pamsewu waukulu, kwinako tinayenda pansi, iwo akupumira panjira. Tisanafike tinamva nyundo. Phiri lonse linali maenje a okumba golide, thanthwe litaphwanyidwa, fumbi lili koboo. Chitsamba panalibe ngakhale chimodzi. Mtanda wa agogo aakazi tinaupeza utachirikiza pulasitiki ya msasa.

Mwini msasawo, bambo wowonda wa maso ofiira, atamva nkhani yathu anauzula msangamsanga naupereka ndi manja awiri.

"Pepani sekuru, sitinadziwe. Ndi njala."

"Ndikudziwa, mwanangu," anatero agogo. "Nanenso ndinakumbapo."

Anazungulira pakati pa maenjewo mtanda uli paphewa, kufunafuna pamene panali manda, koma sanapazindikire. Potsiriza anauimika pansi pa phiri, naukhomera ndi mwala, naimba ndime imodzi ya nyimbo ya maliro ndi mawu osasa. Anamwalira mvula isanagwe, ndipo tinawaika m'manda a m'tauni, pakati pa anthu osawadziwa.

Ndili kale ndi ana anga, kunabwera mphunzitsi wina wa za zomera atafunsira njira kutchalitchi kwathu. Anati mayi wa ku Harare uja anamwalira, koma nthambi zija zinapezeka m'kabati, ndipo akatswiri atsimikiza kuti ndi mtundu watsopano, wosadziwika kwina kulikonse. Ndinamuuza za maenje. Iye anatsegula kabuku.

"Nanga agogo anuwo chitsambachi ankachitchula kuti chiyani?"

Ndinayesetsa kukumbukira, koma ndinalephera. Dzina linalipo, agogo anachipatsa okha, ndipo ankalinena ulendo uliwonse. Koma iwo ankayankhula Chichewa, ine ndikuyankha m'Chishona maganizo ali kwina. Mphunzitsiyo anadikira cholembera chili m'manja, kenako anatseka kabukuko.

Ndafunsa amalume, ndafunsa amayi okalamba a kutchalitchi amene tinali nawo pa famu, palibe akulikumbukira. Masiku ano ana anga akandiyankha m'Chishona sindiwakalipira. Ndimangobwereza mawuwo m'Chichewa, pang'onopang'ono, mpaka mmodzi atandiyang'ana.