Dzenje la Munther

Pamudzi wina wa m'mapiri a kufupi ndi Nablus, Sabri ankadziwika ndi ntchito ziwiri: kudulira mitengo ya azitona ndi kukumba manda. Anthu ankamuitana Abu Munther, kutanthauza bambo a Munther, kutengera mwana wake wachisamba. Dzinalo silinamuchoke ngakhale pamene Munther anawomberedwa pachipata cha asilikali a Aisraeli, mtembo wake n'kukasungidwa mufiriji kutsidya kwa mpanda wa m'malire.

Mwambo umafuna kuti maliro asagonere. Sabri anakumba tsiku lomwelo, pambali pa malemu mkazi wake, pamalo otsiriza a banjalo. Mtembo sunabwere. Dzenjelo analivindikira ndi chitseko chakale.

Chiyambire pamenepo, moyo wake unkayendera amkhalapakati okambirana zosinthana akaidi ndi mitembo. Wailesi ikati akumana ku Cairo kapena ku Doha, iye ankavundukula chitseko, kusesa masamba ndi zinkhanira, n'kugonamo chagada kuti aone ngati makoma akugumuka. Mng'ono wake Rasmi ankamuseka kuti walowa nyumba yatsopano osaitana abale. Koma amkhalapakati amayamba ndi amoyo. Akufa amakambidwa nthawi ikatsalako.

Mmodzi wa iwo anafikadi pamudzipo, mayi wachizungu wofatsa, ali ndi womasulira. Atamwa khofi wowawa, anapempha kuona mandawo. Anasuzumiramo nthawi yaitali, osadabwa ngakhale pang'ono. Kenaka anati dzulo lake anaima padzenje longa lomweli kwa Aisraeli, kumene bambo wina akudikira mtembo wa mwana wake wosungidwa ku Gaza.

"Mnzangayo amavindikira ndi chiyani?" anafunsa Sabri.

"Malata."

"Mukamuuze kuti malata amadontheza mame m'kati. Apeze thabwa."

Mayiyo analonjeza kukanena. Sanabwerenso. M'malo mwake munabwera wina, kenaka winanso, aliyense wamng'ono kuposa womutsogolera, onse akuti zokambirana zafika pabwino.

Nyengo yozizira ina chifuwa chinamugoneka Sabri. Rasmi anazungulirazungulira nkhani, kenaka anafunsa mosabisa kuti atani ngati mwini khasu ndiye atsogole, popeza malo atsala amodzi, ndipo mkazi wake wamudikira kokwanira.

"Iwe Rasmi, wakalamba chabe, nzeru ulibe," anatero Sabri. "Mwana akabwera n'kupeza ndamugonera pamalo pake, apita kuti? Ine mukanditaye kumunda."

Atamwalira, anamuika kumalire a munda wa azitona, yekhayekha, kutali ndi mkazi wake. Pobwerera, operekeza maliro anadutsa kumanda pafupi ndi chitseko chija, aliyense akuyang'ana kumbali.