Kolera Alibe Reji

Lachiwiri lapitali akazi anga anandituma ku mlatho wa Luangwa kukagula nsomba zouma. Mwamuna wa msinkhu wanga akatumidwa satsutsa, amangofunsa kuti zazikulu kapena zazing'ono.

Pobwerera kwathu ku Chinyunyu, minibasi isanathamange n'komwe, tinapeza mtengo utapingasa msewu pamadiramu awiri. Pambali panali beseni la madzi onunkha kolorini, wapolisi mmodzi, ndi bambo wa zaumoyo wovala chikhoti choyera. Akuti kolera wavuta, ndiye akupima anthu ochokera kumalire.

Kapimidwe kake kanandigometsa. Ukatulutsa reji, chitupa chathu chobiriwira chija, ndiye kuti uli bwino, bwerera ukakhale pampando. Ukakhala ulibe, samba m'manja, tulutsa lilime, unene pamaso pa gulu kuti lero kuthengo wapitako kangati. Ine sindinkadziwa kuti m'kachitupa kameneka anaikamo mankhwala. Ndikanadziwa, bwenzi ndikukaviika m'tiyi m'mawa uliwonse.

Nsomba zanga, zimene aliyense amadziwa kuti zimachokera ku Zumbo, tsidya la Mozambiki, sanazifunse kanthu.

Amene anamufunsa ndi mayi wina wa ku Zumbo komweko, dzina lake Luwiza. Anali woyembekezera, masiku atakwana. M'minibasi anali atatiuza kuti ana ake awiri oyamba anafa pobadwa kumudzi, ndiye ulendo uno, zivute zitani, akachirira kuchipatala cha mishoni ku Mpanshya. Tsoka lake, mabampu a mumsewu anamutembenuza m'mimba, ndipo atangotsika anasanza pafupi ndi nsapato za bambo wa chikhoti.

"Ehe, ni yamene iyi!" anakuwa bamboyo akudumphira kumbuyo. "Amai, simupita. Muzankhala pansi pa mtengo paja mpaka mailo, tione."

"Bambo, ndi mimba iyi," anatero Luwiza atagwada. "Msana wayamba kale. Ndikagona pano, uyunso ndimuika m'manda."

"Lamulo ni lamulo. Imwe ba kunja ndimwe mutibweretsera matenda."

Tinali ndi Amake Tisa, mayi wogulitsa tomato pamsewu kwathu, amene pakamwa pake ngakhale makondakitala amapaopa. Anayesa kunyengerera, anayesa kukalipa, anafunsa bamboyo ngati iye anachita kugwa mumtengo osabadwa kwa mkazi. Zonse zinapita pachabe.

Tili mkati mokangana, kunatulukira lole yochokera chakumlatho, nthambi zitasomekedwa kutsogolo, anthu kumbuyo akuimba nyimbo zamaliro. Wapolisi anavula chipewa n'kuthamangira kukachotsa mtengo. Bambo wa chikhoti anawerama, maso pansi, mwaulemu wonse. Nanga ndani angaimitse maliro? Ndani angafunse munthu wolira kuti reji ili kuti?

Amake Tisa sanachedwe. Anamufunda Luwiza chitenje kumutu, n'kuyamba kulira mokweza, "Mayo ine, batate bathu!" Anamukankhira kumbuyo kwa lole, manja a olira anamulandira, lole inadutsa. Pamene bambo wa chikhoti amadzutsa mutu, pansi pa mtengo panali patatsala mthunzi wokha.

Tinaomba m'manja m'minibasi monse. Inenso ndinaomba, mpaka nsomba zinagwa pamiyendo.

Titafika pamphambano ya ku Mpanshya, tinaipeza lole ija itaima. Luwiza anali akumwa madzi m'chigubu cha olira, podikira njinga yomutengera kuchipatala. Amuna awiri a m'lolemo anali akuthamangira kuthengo atagwira malamba. Ndinatsika kukapepesa maliro, monga mwa mwambo, ndipo ndinafunsa mkulu wina kuti malemu anadwala chiyani.

"Sanadwale, mwana wanga," anayankha mkuluyo. "Anatsegula chabe m'mimba usiku umodzi ku komboni ku Lusaka, kuseni kwasila, munthu wamwalira. Tinamuthawitsa. Ba kanselo sembe banamumanga mu pulasitiki monga nyama. Tamusambika tekha, tamuika kwao bwino bwino."

Ndinayang'ana dzanja langa limene linali litangopereka moni, ndipo ndinalakalaka beseni lija.

Taganizani, abale. Lole imeneyi inadutsa pachipata kawiri, popita ndi mtembo, pobwera ndi olira, ndipo kawiri konse inavulidwira chipewa. Amene anagwidwa ndi mayi wosanza chifukwa cha mabampu.

Makolo ankati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ife tinaukonza mwambiwu, masiku ano mlendo amadza ndi kolera basi. A ku Lusaka amati matenda amabwera ndi anthu a kumidzi. Ife a kumidzi timaloza ku Mozambiki. Sindinapiteko ku Zumbo, koma ndikhulupirira kuti kumeneko amaloza kuno. Matendawa ndi amasiye ndithu, palibe mudzi umene umavomera kuti anabadwira kwawo.

Pamene tikuloza chonchi, pamaliro athu beseni losamba m'manja likadali limodzi. Amayamba akuluakulu, kenako ife, ana n'kumalizira m'matope. Kapu yomwera madzi ndi imodzi. Ukakana, akuti ndiwe wonyada, sukulu inakuwononga.

Musandimve molakwa. Olira aja sindikuwaseka. Maliro n'kulirana, ndipo palibe amene amafuna kuona mbale wake akukulungidwa m'pulasitiki ndi anthu osamudziwa dzina. Kupima anthu pamalire sindikukananso. Pimani ndithu! Koma kolera amakhala m'mimba, ndiye bwanji tikumufufuza m'thumba la malaya? Mtengo wotseka mbali imodzi, wogwadira aliyense woimba nyimbo yamaliro, ukuteteza yani?

Lachisanu madzulo ndinawapeza Amake Tisa pamalo awo a tomato. Anali atangobwera ku Mpanshya, kumene anapita kukaona mlendo wawo uja. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, sanandiseke za dazi langa.

"Mwana alipo, mkazi, alira bwino," anatero. "Koma bamake bali mu tenti kumbuyo, pa diripu, pamodzi na bamuna baja ba mu lole. Mwana bamupatsa mkaka na kapu."

Anatembenuza tomato mmodzi m'manja.

"Ninamukweza mu lole muja na manja yanga aya, ba neba."

Mtima unandiwawa, chifukwa pa anthu tonse tinali pachipata paja, iwo okha ndi amene anachitapo kanthu, ndipo njira yokhayo imene tinamusiyira Luwiza inali ya m'lole yamaliro.

Bambo wa chikhoti akamva nkhaniyi adziguguda pachifuwa. Adzati, si ndinanena ine, mayi wa ku Mozambiki uja ali ndi kolera. Ndipo sadzakhala akunama, ali nayedi.

Koma anabwera naye kuchokera kwawo, kapena tinachita kumupatsa ife, chipewa chili m'manja?