Thiraki Yofiira ya Amalume

Limoti yoyendetsera thiraki ija inali yakuda, yolemera, ndipo chitsekerero chake cha mabatire chinatayika isanafike m'manja mwanga. Tinkaimanga ndi lekeni. Pambali inali ndi kachiwongolero kokwanira zala ziwiri, kunsi kwake kokokera ngati ka mfuti. Inkanunkha mankhwala opaka pachifuwa, chifukwa limenelo ndi limene linali fungo la manja a amalume nyengo yonse ija.

Anabwera nayo kuchokera ku Joni kutangoyamba kuzizira, ine ndili Sitandade 6. Tinkakhala ku Zingwangwa, m'munsi mwa phiri la Soche, ine ndi mayi basi. Amalume anali dalaivala wa mathiraki akuluakulu aja, ndipo ndinkangowadziwa pa chithunzi, ali ojintcha, ataponda tayala. Amene anatsika minibasi tsiku lija anali munthu wowonda, wonyamula chikwama chimodzi ndi katoni. Mayi ankayesa m'katonimo muli mabulangete. Anapezamo thiraki yofiira, yaitali ngati mkono wanga, ya matayala a zipsepse, pamodzi ndi limoti yake.

"Achimwene, zaka zonsezi kubwera ndi chidole?"

"Si chidole ichi, achemwali. Kumene kuja azibambo a ndevu zawo amapikisana nazo."

Mayi anawayalira amalume pabalaza, ndipo anawapatulira kapu ndi mbale yawoyawo.

Pabwalo pathu ndi pomwe atsikana a mumzere mwathu ankasewera fulaye. Sabata yoyamba anadzaza kudzaona thiraki. Kenako anayamba kuchepa. Wina ankati atumidwa kuchigayo, wina ankaitanidwa ndi mayi ake atangoponda pageti. Mwezi usanathe pabwalo panatsala ine, amalume ndi nkhuku za aneba. Ine ndinkati ndi nsanje, ndipo ndinkanyadira pang'ono kuti ndili ndi chinthu chochitirapo nsanje. Lero ndikudziwa kuti makoma a nyumba za lendi ndi opyapyala, ndipo chifuwa cha amalume chinkamveka mpaka nyumba yachitatu. Amayi aja sindiwada. Ankaopa zomwe sankazidziwa. Koma palibe mmodzi anabwera kudzapereka moni.

Choncho ndikaweruka kusukulu, anzanga anali amalume. Ankakhala pakhonde atafunda bulangete, ine n'kuika mabotolo odzaza mchenga pabwalo monga ankandilozera. Poyamba ndinkangogunda. Ndinagunda mbaula, ndinagunda ndowa ya mayi, kawiri konse ndinailowetsa m'ngalande. Chovuta kwambiri chinali pamene thiraki yatembenuka n'kumabwera kwa ine: ukakhotetsa kumanja, iyo imapita kumanzere kwako, mutu n'kusokonekera. Ndinkalira ndi ukali.

"Wayima panja, n'chifukwa chake," ankatero. "Lowa m'kati, ukhale pampando."

Mawu awo anali ochepa, mpweya unkawathera. Ankabwereza omwewo mpaka ndinawaloweza. Usayang'ane pomwe ili, yang'ana komwe ikupita. Pakona lowa mofatsa, moto uponde potuluka. Ankanditchula kuti adalaivala, ndipo palibe wina anandipatsapo ulemu wa a- nthawi imeneyo.

Batire silinkachedwa kutha, ndipo magetsi akathima tinkadikira mpaka mawa. Podikirapo ankandiuza za msewu: kutentha kwa ku Tete komwe kumafewetsa phula, mizere ya mathiraki pachipata cha Mwanza, kuphika tiyi kunsi kwa thirela. Dzuwa likalowa kuseri kwa nyumba, mphepo ya m'phiri inkatsika, mayi n'kuwalowetsa. Ine ndinkatsala panja ndikutsuka matayala ndi mswachi wakutha, ndikumva atsikana akuwerenga zigoli za fulaye kuseri kwa mpanda wina.

Za mpikisano anandiuza ndi aphunzitsi athu a sayansi. Anadutsa pakhomo tsiku lina, anaima, anaonerera, kenako analowa ndi kuwagwira chanza amalume. Ndimakumbukira chanza chimenecho chifukwa amalume anachedwa kutulutsa mkono m'bulangete, ngati anali ataiwala kuti anthu amatero. Aphunzitsi anati Loweruka lililonse anyamata ena a ku Chitawira ndi ku Nkolokosa amabwera ndi mathiraki awo kuseri kwa sukulu, ndipo potsekera temu kudzakhala mpikisano. Mayi anati mtsikana azikatani pakati pa anyamata. Amalume anati, "Azikawapitirira." Mayi anaseka, koyamba m'masabata ambiri, nkhani n'kuthera pomwepo.

Njira ya mpikisano, yomwe tinkaitcha njanji, anailemba ndi laimu pabwalo la netiboli, m'makona ataikamo matayala akutha. Oyendetsa ankakwera pa benchi yaitali kuti aziona bwino. Mtsikana ndinali ndekha. Mathiraki a anzanga anali onyezimira, a zomata, pomwe yanga inali yosokedwa ndi waya pamphumi. "Asisi, netiboli ndi mawa," anatero wina, onse n'kuseka. Zimenezo sizinandipweteke. Chinandipweteka ndi mnyamata wa mumzere mwathu, amene ananong'oneza mnzake, mnzakeyo n'kunong'oneza wina. Titakwera pa benchi, onse anapanikizana mbali imodzi, ine n'kutsala ndi theka lonse. Aphunzitsi anaona. Anangobwera kudzaima pafupi nane, ndipo ankaima pomwepo Loweruka lililonse.

Loweruka loyamba sindinamalize n'komwe. Lachiwiri ndinamaliza, koma ena atatsika kale pa benchi. Amalume sanapiteko ngakhale kamodzi, chitunda cha kusukulu sakanachikwanitsa. Ndikabwerako ankandipatsa kamtengo kuti ndijambule njanji pansi, ndiwaonetse pomwe ndagubudukira. Panali kona imodzi yothina, pafupi ndi mizu ya mtengo wa jakaranda, yomwe inkandigwetsa nthawi zonse. Anandiuza ndiyale mabotolo chimodzimodzi pabwalo pathu, ndipo ndinaikhota kona imeneyo masana ambiri, iwo akungokweza chala ndikalowa mothamanga. Masiku ena chala chija sichinkakwera, ndikacheuka n'kupeza agona, kukamwa kuli yasa.

Tsiku la mpikisano kunacha ndi chiperoni. Phiri silinkaoneka, kamvula kosalekeza kankanyowetsa chilichonse. Amalume sanatuluke pakhonde. Anandiitanira pamphasa pawo, anandiuza nditenge pepala la pulasitiki la shuga, ndikulunge kabokosi ka mawaya m'kati mwa thiraki, ndimange ndi ulusi. Ndinamanga ndekha iwo akuyang'ana.

"Lero kukuterera, adalaivala. Asiyeni athamange."

Mayi anali atavala chitenje chawo chatsopano ndipo ankasita jekete ya amalume. Ndinafunsa ngati akubwera kudzaonerera. Anati ndipite, ndichedwa.

Aphunzitsi ataimba wezulo, onse anandisiya. Dothi lofiira linali ngati sopo. Pakona ya jakaranda mathiraki awiri anagundana, imodzi n'kugona chagada, matayala akuzungulira m'mwamba. Ine ndinalowa mofatsa, ndinadutsa pakati pawo. Zala zinali zitauma ndi kuzizira, madzi ankatsika m'khosi, koma kwa nthawi yoyamba sindinkamva kuti ndaima pa benchi. Ndinali m'kati. Thiraki ya mnyamata wa mumzere mwathu inamwa madzi n'kuzima pakati pa njanji. Ina inalowa m'tayala. Ndinamaliza wachitatu.

Amene anapambana ananyamulidwa ndi azichimwene ake. Wachiwiri bambo ake anamujambula pa foni. Ine ndinatsika pa benchi, ndinakatola thiraki yanga, matope n'kudzaza diresi. Aphunzitsi anandigwira phewa nati temu ya mawa ndisadzasowe, komanso ndikawauze amalume kuti aphunzitsa bwino. Ndinatsika chitunda chija ndekha, ndikuyeseza m'mutu momwe ndikafotokozere.

Pakhomo ndinapeza alendo, azibambo awiri a kumudzi kwathu ku Mulanje, amene ndinkawaona pamaliro pokha. Amalume anali pampando, atavala jekete ija, mapewa ake akulendewera. Chikwama chinali pakhomo.

"Tiuzeni, adalaivala."

Mmodzi wa alendo aja anati minibasi zivuta kukada. Amalume anakweza dzanja kuti adikire. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa wezulo, kona ndi kona. Anafunsa ngati pa jakaranda ndinadutsa m'kati kapena kunja. Anafunsa ngati pulasitiki inagwira. Nditanena za thiraki yogona chagada anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, mayi n'kuwagwirira kapu pakamwa. Atapuma anati akupita kumudzi kukapuma mpweya wabwino, utsi wa m'tauni wawatopetsa.

"Mubwera liti, ankolo?"

"Mvula ya dzinja ikagwa."

Tinawaperekeza kusiteji. Pomwe njira inatsetsereka, mmodzi wa azibambo aja anawabereka kumsana, ndipo makatani a m'nyumba za mumzere mwathu ankagwedera tikamadutsa. Anawakhazika kutsogolo, pafupi ndi dalaivala. Ine ndinaima pawindo ndikuwauza kuti matayala akumbuyo akutha zipsepse, tidzatani temu ya mawa. Anati ndikawaonetse aphunzitsi, ndi munthu wabwino, adziwa chochita. Mayi anagwira chitseko cha minibasi nthawi yaitali, mpaka kondakitala anawapempha mwaulemu kuti achisiye.

Pobwerera ndinali wokondwa. Ndinkawerengera kuti mvula siili kutali, ndipo pofika nthawi imeneyo ndidzakhala nditaphunzira kupitirira awiri aja. Ndinadabwa pang'ono kuti munthu wodwala akuchoka ku Blantyre, komwe kuli chipatala chachikulu, kupita kumudzi komwe ngakhale panado amakagula kutali. Ndinawafunsa mayi. Anati ndifulumire, ndanyowa. Panapita zaka ndisanadziwe chomwe akuluakulu onse pasiteji paja ankadziwa, kuti abale amafulumira kudzatenga munthu akadali wotha kukhala tsonga pampando wa minibasi, pasanafunike galimoto ya maliro.