Ndinakwera Basi ndi Mphaka m'Dengu

Ine Tikambenji, nyamu, ndinanyamuka ku Chawama dzuwa litakwera pang'ono, dzanja ili mdzukulu, dzanja ili dengu la nkhuku, m'dengumo mphaka. Sekani, sekani, ana inu!

Mdzukuluyo ndi Misozi, wogulitsa vitumbuwa pamsewu. Mphaka wake anasowa masiku angapo, n'kubwera khutu litang'ambika. Mtsikana poti amupukute, mphaka khaa padzanja. Timabowo tiwiri tokha, ngati minga.

Ndiye madokotala a pakomboni anatuluka! Bana Chanda, aneba athu, akuti tiwotche ubweya wa mphakayo, phulusa tipake pabala. Mwana wanga Lazaro, tate wake wa Misozi, dikoni wa tayi, wabwera ndi kabotolo ka mafuta odzozera.

"Amama, iyi pusi ni yotumiwa. Tizapemphera chabe."

"Yotumiwa ndi ndani, iwe? Ndani angawononge mankhwala ake pa nyumba yodontha ngati yako?"

Ine chiwewe ndinachiona ndi maso awa ku Katete. Mlongo wanga analumidwa ndi kagalu, bala linapola bwinobwino, koma tsiku lina anayamba kuthawa madzi m'kapu. Tinamuika. Ndiye ndinamukokera Misozi kupompi, sopo wochapira m'manja, ndi kutsuka, kutsuka, kutsuka, mpaka a pamzere anatula zigubu n'kuyamba kunditukwana. Tukwanani, ine ndikuimba.

Pakakiliniki ka pafupi anapaka mankhwala ofiira, n'kutiuza kuti jakisoni wa chiwewe amasungidwa kuchipatala chachikulu, tipite lero lomwe. Dengu ndinali nditalibisa kuseri kwa mpanda.

Cha m'ma naini tinakwera kabasi ka m'tauni, chitseko chomanga ndi waya, ma kwacha khumi munthu mmodzi. Maenje a mumsewu, mayo ine, matumbo anafika pakhosi. Pa enje lalikulu dengu linalira: nyaaau!

Basi yonse maso padengu.

"Ambuya, muli na chani umo?" anatero kondakita.

"Wolakwa. Ndikupita naye kwa adokotala."

Mayi wina wa wigi yofiira anayamba kukuwa ngati akutulutsa ziwanda: "Faya! Faya! Mfiti masana!" Ndinamuyang'ana kuyambira wigi mpaka zidendene zong'aluka. Ndikanakhala mfiti, mwana iwe, ndikanakwera chibasi chotsokomola ichi? Kondakita akuti pusi nayenso alipire mpando. Ndinati ayambe watenga ndalamayo m'kamwa mwa pusiyo. Anasiya.

Bambo wina wa chikwama anasuzumira dzanja la Misozi. "Aka kachilonda? Mukutaya chabe nthawi. Pusi siipasa chiwewe, ni galu yeka." Misozi anandikoka chitenje. "Mwamvera, ambuya? Tiyeni tibwelele, vitumbuwa vizauma." Apo nyimbo inandithera. Ndinamugwira mkono ngati mbuzi ya pamsika, sindinamusiye mpaka tinatsika.

M'tauni tinagula chinangwa chowotcha ndi nsawawa, kudya chiimirire, n'kukwera basi ina. Uyu kondakita anatiika kumbuyo kwenikweni, pamwamba pa thumba la makala.

Dzuwa lili pamutu tinafika. Mzere, mzere, kenaka nesi wamfupi, wa mawu ngati belu. Anafunsa ngati tapakapo kanthu kakumudzi kapena kumanga. Ndinati sopo ndi madzi basi. Anagwedeza mutu movomereza. Ndiye ine, monyada, dengu pathebulo, phi!

Nesi analumpha. "Ambuya! Mwaidutsa nayo Lusaka yonse? Ikanaluma munthu mubasi?"

Hee, ine ndimati wodwala ndi womuluma amaonedwa pamodzi, monga kukhoti. Anati ayi. Mphaka atsekeredwe kunyumba masiku khumi, chakudya kumuponyera patali, a zoweta adziwitsidwe, akayamba dovu kapena kufa tithamange kudzanena. Anatinso mano a mphaka ndi oonda, amalowa mkati ngati singano, n'chifukwa kabala kakang'ono sikoseka nako. Chiwewe chikangoonekera, palibe chipatala chochibweza.

Misozi kumva zimenezo, vitumbuwa anaiwala. Anapinda yekha malaya. Jakisoni paphewa, pyoo! Wina wa kafumbata, pyoo! Mapilisi oletsa mafinya m'manja. Mtsikana wa milomo yopentayu analira ngati khanda, ine nthungululu m'khonde monse, lululu, mpaka mlonda anabwera kudzandiuza kuti kuno si kuukwati.

Pobwerera dengu ndinalimanga ndi zitenje ziwiri. Ulendowu unandiphunzitsa kuti mu Lusaka malangizo ndi aulere pa mpando uliwonse, ndipo onse okupatsawo pamaliro amadzangodya.

Titatsika ku Chawama madzulo, Misozi anati, "Ambuya, manje vasila ka?"

"Vasila chiyani? Sizinathe ayi. Nesi wati ubwererenso, majakisoni atsala."

"Nizayenda neka."

Wekha? Iwe amene unafuna kutsika pakati pa njira chifukwa cha bambo wa chikwama? Ndinapita kwanga, ndinakulunga mphasa, ndinakayala pakhomo pake. Ndichoka jakisoni womaliza akalowa.