Chulu cha kuseri kwa khola

Ntchito yanga inali yautelala, pakhonde la sitolo pa Thambani. Sukulu ndinalekezera panjira, koma pakamwa pokha panamaliza mafolomu onse. Munthu ankabwera ndi buluku long'ambika n'kubwerera akuseka, osaona n'komwe kuti ndasoka mokhota.

Amene anaphunzira ndi mwana wanga wamkazi wotsiriza. Anapeza ntchito yolemba mapulogalamu apakompyuta ku kakampani kena ka ku Blantyre, ndipo mabwana anamulola kumagwirira kuno kumudzi poti mayi ake miyendo inali itayamba kukana. Ndiye amene ankawathowa, kuwaphikira, kuwatulutsa panja kukaothera dzuwa.

Vuto linali netiweki. Pakhomo pathu imagwira pamalo amodzi basi, pamwamba pa chulu cha kuseri kwa khola la mbuzi. Mwanayo akalemba pang'ono, nyamu laputopu, uyo pachulu. Atsike, alembenso, uyonso pachulu. Tsiku lonse chimodzimodzi.

"Kodi iwe," ndinamufunsa, "bwanji osamaliza kaye n'kukatumiza kamodzi?"

"Ababa, tilipo angapo koma tikusoka jekete imodzi. Wina mkono, wina kolala, ine thumba. Aliyense akasoka pang'ono amalumikiza ku jeketeyo, ndiye pali makina amene amayesa pompopompo. Zikagwirizana amaonetsa zobiriwira. Zikapanda kugwirizana, zofiira, ndipo tonse timasiya zathu mpaka zitakonzeka."

"Jekete yosatha kumaionetsa kugulu? Telala wa kuti ameneyo?"

Ine zaka zonsezo chovala chosatha ndinkabisa kunsi kwa makina. Kasitomala akaona ulusi uli lendelende amayamba kukukayikira.

Nkhaniyi ndinapita nayo ku bawo tsiku la msika. Ndinakwera pabenchi, kachithabwa kali m'manja ngati laputopu, khosi ndalitalikitsa kufunafuna mphepo.

"Akuluakulu, fizi yonse ija ndalerera mbuzi yadigiri!"

Anthu anafa nazo. Wina mpaka anakhetsa misozi n'kundigulira thobwa. Koma a kabaza anazitola. Mwana wanga akamadutsa pamsika ankamukuwira: "Asisi, lero mwakwera kangati? Meee!"

Iye sanandifunse kanthu. Anangosiya kukwera. Anawauza mabwana ake kuti netiweki yavuta, n'kumalembera m'nyumba, ntchito n'kumaunjikana mulaputopu. Ine ndinkayenda motukula mapewa, ndikuti mwana wamva malangizo a mmisiri.

Patapita masabata angapo anaganiza zolumikiza zonse kamodzi. Anakwera chulu m'mawa, dzuwa lija la m'chilimwe likuyamba kumene. Masana anakwana, osatsika. Mayi ake anandituma kuti ndikamupatse madzi.

Ndinamupeza atakhala padothi, thukuta lili kamukamu, pagalasi la laputopu pali pofiira pokhapokha. Anzake anali atasintha kalekale malo amene thumba lake linkayenera kulowa. Akanamalumikiza tsiku ndi tsiku, makina aja akanamuuza tsiku lomwelo, iye n'kukonza kanthawi kochepa. Tsopano zinafunika kuphwasula msoko wonse. Izi zokha ndinazimva bwino popanda wondimasulira, chifukwa telala aliyense amadziwa kuti kuphwasula kumawawa kuposa kusoka.

Foni inali pa sipika. Ankayankhula ndi bwana wake, mzimayi wa mawu ofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunkaopsa.

"Anzako onse akhala manja ali m'thumba kudikira iwe. Tinagwirizana kuti tsiku lisamadutse usanalumikize. Chinavuta n'chiyani kwenikweni?"

Mwana wanga anandiyang'ana. Ndinadikira kuti anditchule, ndipo mwina zikanandipepukira.

"Ndalakwitsa ndine, madamu," anatero.

Ndinaima pambali pake pachulupo, kapu ili m'manja, madzi akutayikira pansapato.

Anakonza, ndipo zobiriwira zinabwerera tsiku lachitatu lake. Ntchito sanamuchotse. Koma mabwana anati zogwirira kumudzi zatha, azikhala ku ofesi komwe angamamuone. Akanakana, ndiye kuti ntchito yathera pomwepo.

Chikwama chake ndinanyamula ndine mpaka pokwerera mapikapu. A kabaza atationa anayamba kunong'onezana, koma atandiyang'ana nkhope anangoti, "Mwadzuka bwanji madala?" Aliyense n'kumapukuta njinga yake.

Pikapu itadzaza, mwanayo anasuzumira pansi.

"Ababa, madzi owathowera amayi asamatenthe kwambiri. Muziyamba mwayesa ndi chigongono."

"Ndamva, mayi."

Ndinabwerera wapansi, podutsa njira yakumunda kuti ndisakumane ndi anthu. Mkazi wanga ndinamupeza pamphasa pomwe tinamusiya, dzuwa litamufika kale kumiyendo popanda womusunthira pamthunzi.

"Wapita?"

"Wapita."

Anatambasula mkono kuti ndimudzutse.

"Tiyeni nazoni, bambo. Mundiseketse tsopano, poti ndiyo ntchito imene mumaitha."