Simenti Imene Ndinasinja Mumtondo

Kale ndinkakhulupirira kuti chinthu chikaonongeka ndi madzi chimabwerera mwakale, bola munthu ulimbikire. Musaseke. Unandinamiza ndi mchere.

Nthawi ya nkhondo ija mchere tinkakautenga ku Muloza, kumalire, kudzera njira za m'tchire. Ulendo wina ndinaterereka powoloka mtsinje, kathumba konse n'kunyowa. Pofika kunyumba kanali kataphwa ngati bere la gogo. Mkazi wanga sanakalipe. Anakaviika m'madzi, kukafinya, madziwo n'kuwatereka pamoto m'phale. Atauma, mchere uwo, mbee! Sunali wonse, koma unali mchere ndithu. Ine, ndi sukulu yanga yolekeza kalasi yachitatu, ndinati eya, kani madzi amangobisa zinthu, sadya.

Tsono ndinali ndi thumba la simenti. Ndinaligula ndikugwira ntchito m'minda ya tiyi, chifukwa pofunsira mkaziyu ndinalonjeza kuti m'nyumba mwake mudzakhala mwa simenti, matekenya asamamudye zala. Titamva kuti anthu a mfuti akutenga chilichonse, ndinalikwirira paseri pa nthochi. Linakhala momwemo dzinja lonse, ife tikugona kuphiri.

Titabwerera ndinalifukula. Linali mwala, makwinya a pepala akuonekera bwinobwino. Sindinadandaule. Ndinati yangogwirana, ikufuna kusinja basi.

Chigayo chinali chitaleka kalekale kulira, ndiye kudya kwathu konse kunkadalira mtondo umodzi wa mkazi wanga. M'mawa wina atapita kokakumba chinangwa, ndinaswa mwala uja ndi nkhwangwa, zidutswa n'kuthira mumtondo. Ndinasinja mpaka thukuta kamukamu, n'kusefa ndi sefa yake yomwe. Unatuluka ufa wotuwa bwino, ngati wa m'sitolo. Ndinasakaniza ndi mchenga ndi madzi, n'kuyamba kuzira pakhonde. Pobweza mtondo m'pamene ndinaona kuti wang'ambika mpaka pansi. Ndinautembenuza, mng'alu uyang'ane kukhoma.

Alamu anga, achimwene a mkaziyu, anandipeza ndikusalaza.

"Alamu, mukuphika chiyani pansipa?"

"Simenti."

"Ija munakwirira ija? Musaiwale kuthira mchere, ikome."

Ndinawauza kuti abwere madzulo adzatererekepo.

Dzuwa litapendeka, pakhonde panauma. Nkhuku inabwera, kupalasa kamodzi kokha, fumbi koboo. Ndinakanda ndi chala, zinangoyoyoka ngati phulusa. Apa mutu unaima. Madzi ndi omwewo. Mchere unalowamo n'kutuluka uli mchere. Simenti inalowamo, ndaisinja, ndaisefa, maonekedwe ndi omwe aja, nanga kugwira kwake kwapita kuti? Ndinaganiza kuti mwina ndaiwala kuitereka pamoto ngati mchere uja. Ndinatapa ina, kuthira madzi, n'kuitereka m'phale muja. Inabwata ngati phala, n'kuuma ili fumbi lomwelo. Mpaka lero anthu akandiuza kuti simenti ikamwa madzi imasanduka chinthu china, ndimawafunsa kuti chinthu chanji, poti ine ndinaiona ndi maso anga ili simenti.

Mkazi wanga atafika anayang'ana pakhonde, n'kuyang'ananso phale. Anathira chimanga mumtondo kuti akonole. Munsi utagunda, mtondo unayasama, chimanga n'kumwazikira nkhuku ija. Tinadya chinangwa chophika, aliyense maso kumbali.

Usiku umenewo, nditayamba kale kunamizira mkonono, anandigwedeza phewa.

"Abambo, matekenya ndinawazolowera, asiyeni. Mawa mulawirire ndi nkhwangwa yanuyo mukandisemere mtondo. Mchere ndaubisa, mungaumangire nyumba."